Kuthamanga N'kosavuta, Nkhani Ili pa Kuima: Mafunso ndi Mayankho pa Mabuleki a Galimoto Zakale za Liwiro

Munthu akaona galimoto yakale ya liwiro, yonyezimira, injini ikulira mochititsa nthumanzi, funso lake limakhala limodzi: "Imathamanga bwanji imeneyi?" Ndi ochepa amene amafunsa kuti, "Nanga imaima bwanji?" Chonsecho galimoto zambiri za zaka za m'ma 1950 ndi 1960 zinapangidwa nthawi imene mainjini ankakula msanga, mabuleki akutsalira m'mbuyo. Amene amazisunga lero amayenda nazo pakati pa galimoto zamakono zimene zimaima nthawi yomweyo dalaivala akangoponda. N'chifukwa chake nkhani ya mabuleki siitha pakamwa pa eni galimotozi ndi amakaniko awo. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Kodi buleki imachita chiyani kwenikweni?

Imasandutsa liwiro kukhala kutentha. Makolo athu popeka moto ankakhuza mtengo pa mtengo unzake mpaka utsi kutuluka. Buleki imachita zomwezo, kungoti iyo imakhuza padi pa chitsulo chimene chikuzungulira limodzi ndi tayala.

Tiyerekeze galimoto yolemera makilogalamu 1,400 imene ikuyenda makilomita 100 pa ola. Kuti iime, mabuleki ake ayenera kumeza kutentha kokwanira kuwiritsa madzi okwana lita imodzi ndi theka, m'masekondi ochepa chabe. Liwiro likafika makilomita 200 pa ola, kutenthako sikuwirikiza kawiri ayi, koma kanayi: kungawiritse malita oposa 6. Walira mvula walira matope. Aliyense wowonjezera mphamvu ya injini wawonjezeranso moto umene mabuleki ayenera kusenza ndi kutaya. Choncho buleki yabwino si imene yagwira mwamphamvu kamodzi kokha, koma imene ikugwirabe chimodzimodzi mukaponda kakhumi motsatizana.

Dilamu ndi disiki zimasiyana pati?

Dilamu ili ngati poto wachitsulo wozungulira limodzi ndi tayala. M'kati mwake muli mashu awiri amene amatambasuka n'kukhuza khoma la potoyo. Ubwino wake ndi woti dilamu pozungulira imadzikokera yokha shu yakutsogolo, motero phazi silivutika kwambiri. Vuto lake ndi loti moto wonse umatsekeredwa m'kati. Dilamu ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi mashu, ndipo chopondera chimayamba kulowa pansi. Mukadutsa pamadzi, madziwo amakhalitsa m'katimo.

Disiki ili ngati mbale yafulati imene ili poyera, mphepo ikuiwomba mbali zonse. Kalipa imaipana uku ndi uku ndi mapadi awiri, monga mmene mungapanire mbale ndi zala. Ikatentha imafutukukira kumapadi komweko, ndipo madzi imangowamwaza pozungulira. Koma disiki siidzithandiza yokha ngati dilamu. Imafuna mphamvu yambiri yopanira, ndiye chifukwa chake galimoto zolemera za madisiki zimakhala ndi busita, chipangizo chothandiza phazi pogwiritsa ntchito mpweya umene injini imakoka.

Madisiki anayamba liti kutchuka?

Nzeru yake ndi yakale. Frederick Lanchester wa ku Birmingham analembetsa buleki ya disiki mu 1902, chaka chomwe Louis Renault anatulukira ndi dilamu yake ku France. Dilamu ndi imene inalamulira kwa zaka pafupifupi 50. Zinthu zinatembenuka pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1953. Kampani ya Jaguar inabwera ndi galimoto za C-Type zokhala ndi madisiki amene inakonza mogwirizana ndi Dunlop. Pa bwalo limenelo panali msewu wowongoka wa Mulsanne, wautali pafupifupi makilomita 6, umene unkathera pa kona yokhota kwambiri. Anzawo a madilamu ankayamba kuponda akadali kutali, pomwe a Jaguar ankaponda mochedwa, ulendo ndi ulendo, usana ndi usiku. Tony Rolt ndi Duncan Hamilton anapambana, ndipo ma Jaguar ena anakhala pa nambala 2 ndi 4.

A Mercedes-Benz anakakamirabe madilamu pa 300 SLR ya 1955, koma kuti awapepuze anaika chitseko kumbuyo kwa dalaivala chimene chinkadzuka n'kutchinga mphepo. Chaka chomwecho Citroën DS inatuluka ndi madisiki kutsogolo, ndipo mu 1956 Triumph TR3 inatsatira. Kuchokera pamenepo dilamu inayamba kuthamangitsidwa kumatayala akutsogolo.

Ndiye kuti galimoto zonse za liwiro za nthawiyo zinali ndi madisiki?

Ayi ndithu, ndipo apa m'pofunika kudziwa galimoto yanu bwinobwino musanagule chitsulo chilichonse.

Jaguar E-Type ya 1961 inabwera ndi madisiki matayala onse anayi. Akumbuyo anawaika m'kati, pafupi ndi difu, osati kumatayala. Zimenezi zimathandiza kuti galimoto igwire msewu, koma makaniko amatuluka nazo thukuta, chifukwa kusintha madisikiwo kumafuna kutsitsa chimango chonse chakumbuyo, ndipo difu ikamadontha oyilo amagwera pamadisiki pomwepo. Porsche 356 inakhala ndi madilamu a aluminiyamu mpaka 356 C itatuluka mu 1963 ndi madisiki. Mini Cooper ya 1961 inali ndi timadisiki ta mainchesi 7, ndipo Cooper S ya 1963 anaipatsa a mainchesi 7.5 okhuthalako, kuwonjezapo busita.

Ku America zinachedwa. Pontiac GTO ya 1964 inali ndi injini ya V8 ya malita 6.4, koma madilamu ake a mainchesi 9.5 anali omwewo a Tempest wamba. Madisiki anayamba kupezeka pa GTO mu 1967, kwa wofuna kulipira zowonjezera. Mustang ya 1965 inkabwera ndi madilamu, madisiki akutsogolo a Kelsey-Hayes kukhala ochita kuitanitsa. Chevrolet Corvette ndi imene inasintha kotheratu mu 1965: madisiki matayala onse, kalipa iliyonse ya mapisitoni anayi.

Anthu akamati "mabuleki anatha" potsika phiri, chimachitika n'chiyani?

Aliyense amene anatsikapo Chiweta kapena kutsetserekera ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre akulidziwa fungo la mabuleki opsa. Kutha kwa mabuleki kuli pawiri, ndipo phazi lanu lingakuuzeni kuti kwachitika kuti.

Ngati chopondera chili cholimba koma galimoto siikuima, ndiye kuti mapadi kapena mashu atentha kupitirira muyeso wake ndipo akungoterera pachitsulo. Mankhwala ake ndi mapadi opirira moto komanso njira yoti mphepo izifika kumabuleki. Koma ngati chopondera chafewa n'kumira mpaka pansi, ndiye kuti fuluwidi wawira. Fuluwidi sapanikizika, n'chifukwa chake amatha kutumiza mphamvu ya phazi kumatayala. Nthunzi imapanikizika. Mukaponda mumangofinya nthunziyo, kumatayala osafikako kanthu.

Kusiyanitsa ziwirizi kumapulumutsa ndalama. Pali anthu amene amagula makalipa a ndalama zambiri pomwe vuto linali fuluwidi amene wakhala m'galimoto zaka zisanu ndi zitatu. Ndipo ngakhale mabuleki akhale abwino chotani, pamtsetse wautali tsikani ndi giya yaing'ono kuti injini isenzeko katundu.

Ndagula galimoto yakale. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kubwezeretsa zimene fakitale inaikamo. Anthu ambiri amene amanyoza mabuleki akale sanawayesepo ali bwino. Anayesa mabuleki odwala.

Sinthani mapaipi onse a labala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: paipi ingaoneke bwino kunja koma m'kati itatupa, n'kumalola fuluwidi kupita osabwerera, mpaka tayala limodzi kumangogwira. Onani mapaipi achitsulo ngati adyeka ndi dzimbiri, ndipo posintha gwiritsani ntchito achitsulo kapena a kopa wosakaniza ndi nikelo, osati paipi ya kopa ya m'mafiriji. Tsegulani masilinda a kumatayala ndi makalipa. Galimoto yongokhala m'galaja imadwala kuposa yoyenda, chifukwa madzi amakhazikika pansi pa silinda n'kuboola timaenje. Makalipa a Corvette a kuyambira 1965 amadziwika ndi nthenda imeneyi, ndipo eni ake amaichiza poika kachubu ka chitsulo chosachita dzimbiri m'kati mwa silinda iliyonse.

Yezani madisiki ndi madilamu. Ambiri amalembedwa muyeso umene sayenera kupyola akamadyeka. Madilamu ambiri akale sadzisendeza okha, amafuna makaniko awasendeze ndi dzanja kuti mashu ayandikire. Chenjezo limodzi: mashu akale ambiri anali ndi asibesitosi. Musauluze fumbi lake ndi kompuresa kapena kulipuzira ndi pakamwa, chifukwa limawononga mapapo. Linyowetseni, mulipukute.

Fuluwidi aliyense ndi yemweyo, si choncho?

Si choncho. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, DOT 4 madigiri 230, ndipo DOT 5.1 madigiri 260. Atatuwa ndi a banja limodzi ndipo amatha kusakanizika. Onse ali ndi khalidwe limodzi loipa: amayamwa chinyezi cha mumpweya. Akamwa madzi, DOT 3 amatha kuwira pa madigiri 140 okha, DOT 4 pa 155. N'chifukwa chake amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, kaya galimoto yayenda kaya sinayende. Botolo limene linatsegulidwa chaka chatha n'kusiyidwa pashelefu musaliyese latsopano.

DOT 5, wopanda ".1", ndi mlendo m'banjamo. Ndi wa silikoni. Sayamwa madzi ndiponso sasupula penti, n'chifukwa chake osunga galimoto zachionetsero amamukonda. Koma amachititsa chopondera kufewerako, ndipo sayenera kusakanizidwa ndi enawo. Palinso galimoto zina, monga Citroën DS za kuyambira chakumapeto kwa 1966, zimene zimafuna oyilo wobiriwira wotchedwa LHM. Mukathiramo DOT, malabala onse amawonongeka. Safunsa anadya phula: werengani pachivindikiro musanathire.

Ngati ndili ndi ndalama zosinthira chinthu chimodzi chokha, chikhale chiti?

Masita silinda, ngati yanu ili ya njira imodzi. Galimoto zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 zinali ndi silinda imodzi yodyetsa matayala onse anayi. Paipi imodzi ikaphulika paliponse, fuluwidi yense amathawira pomwepo ndipo mumatsala ndi handibuleki basi. Ku America lamulo linakakamiza kuti kuyambira 1968 galimoto zatsopano zizikhala ndi njira ziwiri zosiyana, ndipo makampani akumeneko anali atayamba kale kutero pa galimoto za 1967. Njira imodzi ikafa, inzake imatsala.

Kusintha kumeneku sikufupikitsa mtunda woimira ngakhale ndi mita imodzi, ndiponso palibe amene adzakuyamikireni pamsewu, chifukwa sikuoneka. Koma tsiku limene paipi idzaphulike, ndi kumene kudzakubwezereni kwanu wamoyo.

Kodi ndichotse madilamu n'kuika madisiki?

Kutsogolo, nthawi zambiri inde, makamaka pa galimoto yolemera ya injini yaikulu. Mukaponda buleki, kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, ndipo pa galimoto ya injini yakutsogolo matayala akutsogolo ndi amene amagwira ntchito yoposa theka, kawirikawiri magawo awiri mwa atatu kapena kuposerapo. Kumbuyo nkhani ndi ina. Carroll Shelby pokonza Mustang GT350 mu 1965 anaika madisiki kutsogolo, kumbuyo n'kusiya madilamu, kungoti akuluakulu ndi a mashu opirira moto. Galimotoyo inapambana mipikisano ya gulu lake ku America zaka zitatu zotsatizana. Datsun 240Z nayo pamsika inkabwera ndi madisiki kutsogolo ndi madilamu a aluminiyamu kumbuyo. Dilamu yakumbuyo imagwiranso bwino handibuleki kuposa madisiki ambiri ochita kuikirira.

Koma kuika madisiki si kungomanga mabawuti. Kalipa imamwa fuluwidi wambiri kuposa kasilinda ka dilamu, choncho masita silinda iyenera kugwirizana nayo. Masita silinda ya madilamu imakhala ndi kavavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi. Kavavu kameneko kakasiyidwa panjira ya madisiki, mapadi amangokhuza osalekerera mpaka kupsa. Ndipo ngati injini yanu ili ndi kamushafuti ya mpikisano, mwina siikoka mpweya wokwanira kuyendetsa busita.

Makalipa akuluakulu a mapisitoni anayi kapena asanu ndi limodzi, si ndiwo mapeto a zonse?

Amathandiza pamene pali moto wambiri woti utayidwe. Porsche itakulitsa injini ya 911 Turbo kufika malita 3.3 mu 1978, inaipatsanso mabuleki otengera a galimoto yake ya mpikisano ya 917. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: injini ndi mabuleki zinakula pamodzi, akatswiri atawerengera zonse. Makampani monga Wilwood, AP Racing ndi Brembo amagulitsa zida zabwino, ndipo eni 240Z ambiri amaika makalipa a mapisitoni anayi ochokera ku mapikapu akale a Toyota, amene amakwanira pamabawuti omwewo.

Ngozi ili pa kusagwirizana. Mukakulitsa kutsogolo kokha mopitirira, matayala akutsogolo amamanga msanga akumbuyo asanayambe ntchito, ndipo galimoto imaima patali kuposa kale. Mukakulitsa kumbuyo mopitirira, ndiye zoopsa zenizeni: matayala akumbuyo akayamba kumanga, galimoto imatembenuka n'kuyang'ana kumene yachokera. N'chifukwa chake pamaikidwa vavu yochepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Kukula kwa masita silinda nako kumasokoneza ambiri. Yaikulu imalimbitsa chopondera koma imachepetsa mphamvu yopanira. Yaing'ono imapana kwambiri koma chopondera chimayenda mtunda wautali.

Musaiwalenso malimu. Mini ya malimu a mainchesi 10 imalola disiki ya mainchesi 7.5. Disiki ya mainchesi 8.4, imene inafika pa ma Mini onse mu 1984, imafuna malimu a mainchesi 12. Kalipa imodzi ingakuchititseni kugula malimu anayi ndi matayala anayi.

Nanga madisiki obooledwa ndi mapadi a mpikisano?

Chimene chimaziziritsa disiki kwambiri si mabowo oonekera kunja aja, koma mpata wa pakati. Disiki ya mphako pakati imakoka mphepo ngati fani, ndipo Porsche inaika yotere pa 911 S kuyambira 1966. Mabowo amakongoletsa, koma pa disiki yotchipa ndi pamene ming'alu imayambira. Kuboola nokha disiki ndi dililo n'kuputa tsoka.

Mapadi a mpikisano amapangidwa kuti azigwira atatentha kwambiri. M'mawa kukuzizira, pamphambano yoyamba kuchokera kunyumba, ena mwa iwo sagwira mokwanira, amalira, ndipo amadya disiki. Pa galimoto ya pamsewu sankhani mapadi a pamsewu opirira moto. Mukaika atsopano, apatseni mpata wozolowerana ndi disiki: pamsewu wopanda anthu, chepetsani liwiro mwamphamvu kangapo osaima kotheratu, kenako yendani ndithu kuti azizire.

Matayala akulowapo bwanji pa nkhani ya mabuleki?

Buleki imaimitsa tayala. Tayala ndi limene limaimitsa galimoto. Ngati mabuleki anu akutha kumanga matayala onse mukaponda mwamphamvu, ndiye kuti pa kuima kamodzi mphamvu yawo yakwana kale, ndipo malire ali pa labala wokhudza phula. Galimoto zakale zilibenso ABS, njira yoletsa matayala kumanga. Jensen FF ya 1966 inayesa njira ya Dunlop Maxaret, koma ABS yamagetsi ya Bosch inafika pa Mercedes-Benz mu 1978. Tayala likamanga n'kuyamba kukwekwereka, chiwongolero sichimveranso.

Galimoto zosungidwa zimakhala ndi matayala a mapanga akuya koma okalamba, olimba ngati chikopa chouma. Pambali pa tayala pali manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala lopitirira zaka khumi lichotseni, ngakhale likuoneka ngati la dzulo.

Kusintha mabuleki sikugwetsa mtengo wa galimoto yakale?

Zimatengera galimotoyo ndi ntchito yake. Pa zionetsero zopikisana pa kusunga galimoto mmene inatulukira ku fakitale, kalipa yamakono imachotsetsa mapointi. Pa mipikisano ya galimoto zakale yotsatira malamulo a bungwe la FIA, mabuleki ayenera kukhala a mtundu wa nthawi ya galimotoyo. Koma pa galimoto yoyenda pamsewu, ogula ambiri amakondwera kupeza masita silinda ya njira ziwiri ndi madisiki akutsogolo oikidwa bwino.

Nzeru ndi yosankha zosintha zomanga ndi mabawuti, zosafuna kudula kapena kuwotcherera, kuti wofuna adzathe kubwezeretsa zakale. Zitsulo zimene mwachotsa zipakeni oyilo, muzisunge m'bokosi, ndipo lembani m'kabuku kuti kalipa iyi inachokera ku galimoto yakuti, ya chaka chakuti. Makaniko amene adzafune mapadi zaka khumi zikubwerazi adzakuthokozani. Auzeninso a inshuwalansi zimene mwasintha.

Ndingadziwe bwanji kuti ntchito yatheka?

Osati poyang'ana kalipa yofiira kuseri kwa limu. Makaniko akamaliza kubulida, kutanthauza kuchotsa mpweya m'mapaipi, pondani chopondera mwamphamvu kwa theka la mphindi galimoto ili chiimire. Chisamire ngakhale pang'ono. Suzumirani kuseri kwa tayala lililonse ngati pali podontha. Kenako pitani pamalo otakasuka opanda anthu, muyambe ndi liwiro laling'ono, muzikweza pang'onopang'ono. Galimoto iime mowongoka, osakokera kumanja kapena kumanzere. Mukaponda mpaka matayala kumanga, akutsogolo ndi amene ayambe. Bwerezani kangapo, ndipo kuponda komaliza kumveke kuphazi ngati koyamba.

Zikatero, mukhoza kutsegula bonati n'kuyamba kuganiza zowonjezera mphamvu ya injini. Zisanatero, injiniyo idikire.